Telala ndi Funso Limene Analimeza

Mukalowa m'shopu ya telala uja m'mawa, choyamba kukulandirani chinali fungo la simbi yotentha ndi nsalu yatsopano, kenako mawu a mwini wakeyo. Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa dazi lonyezimira, tepi yoyezera ili lende m'khosi ngati anabadwa nayo. Makina osokera analipo atatu. A pafupi ndi khomo anali ake. Apakati ankakhalapo mayi wina wamasiye amene aliyense ankangomutchula kuti Singano, chifukwa lilime lake linkalasa lisanachenjeze. A pakona, pafupi ndi tebulo lositira, anali a mpongozi wa telalayo, mkazi wa mwana wake mmodzi yekhayo. Mwanayo ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, kotero m'nyumba ya kuseri kwa shopuyo nthawi zambiri munkakhala awiri basi: bamboyo, amene mkazi wake anamwalira kale, ndi mpongozi wofatsa amene ankayankha motsitsa mawu, maso ali pansi.

Ntchito ya utelala imayamba kumudya munthu kuchokera m'mimba. Umawerama tsiku lonse, chakudya umadyera pamakina pomwepo uku maso ali pamsoko, ndiye matumbo nawo amaphunzira ulesi. Telala wathuyu anavutika ndi kudzimbidwa zaka zambirimbiri. Mimba inkangokhala ili tuu, chilungulira chikumuotcha pachifuwa, ndipo kuchimbudzi ankapitako ngati wokayankha mlandu. Mapiritsi anamwa amitundu yonse. Usiku sankagona bwino, ndipo masana mkwiyo wake unkagwera aliyense amene wasuntha choko chake.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa imvi, wochepa thupi koma woongoka ngati nsanamira, kudzasoketsa mathalauza otakasuka. Telala anawerama kuti ayeze kutalika kwa mwendo, ndipo podzuka anali wefuwefu.

"Bambo, inu mumapumira m'khosi," anatero mayiyo. "Mimba yanuyi munaiwala kuti nayo imapuma."

Anali mphunzitsi wa yoga, masewera a kupuma ndi kuongola thupi, ndipo ankaphunzitsira m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya zitsulo, kumapeto kwa msewu womwewo. Telala anaseka, koma munthu m'mimba mukamuvuta matama amatha. Pasanapite nthawi anakwera masitepe aja.

Asanamuonetse kanthu, mayiyo anamukhazika pansi n'kuyamba kumufunsa ngati wapolisi. Magazi amathamanga? Mtima umavuta? Ali ndi zilonda za m'mimba? Anachitidwapo opaleshoni? Pali chotupa chimene chimatuluka kunsi kwa mchombo akanyamula katundu? Ophunzira achimayi ankawatengera kuseri kwa katani n'kukawafunsa zawo monong'ona. Telala anayankha zonse akung'ung'udza, poganiza kuti mayiyo akungotalikitsa nkhani kuti aoneke wodziwa.

Anayamba ndi kupuma wamba, kudzaza mimba pang'onopang'ono ndi kuiphwetsa, mpaka telala anatsala pang'ono kutopa nazo. Kenako ndiye anafika pa chenichenicho. Umaima m'mawa usanalawe kanthu, ngakhale tiyi, miyendo utaitangadza pang'ono, manja atatsamira pamaondo. Umatulutsa mpweya wonse mpaka m'mapapo mutatsala zii, ndiye usanapumenso umakokera mimba m'kati ndi m'mwamba mpaka imalowa kunsi kwa nthiti, pamimba n'kukhala pololowa ngati mbale. Ukazolowera umaiponya kunja n'kuibweza m'kati mofulumira, ndipo amene anafikapo amaigubuduza kuchoka kumanja kupita kumanzere. Mphunzitsiyo ankati kumeneko ndi kutsuka m'mimba popanda madzi.

Ndisaname, zinamuthandiza. Miyezi ingapo itapita, telala ankapita kuchimbudzi m'mawa uliwonse n'kubwerako akuimba mluzu. Chilungulira chinachepa mpaka anaiwala kumene anasiya mapiritsi ake. Mimba inaphwa, lamba anam'boola chibowo china, masitepe aja ankawakwera osapumira panjira, ndipo usiku ankagona ngati mwana. Ngakhale mkwiyo uja unazizira. Singano amene, wosayamika chinthu msanga, anavomera kuti abwana ake asanduka munthu wokhala naye.

Vuto la munthu amene wachira ndi lakuti amaona aliyense ngati wodwala matenda ake omwewo. Kasitomala sankatuluka m'shopumo asanamve ulaliki wa mimba. Wina akadandaula mutu, telala ankati ndi mpweya. Wina akadandaula msana, ankatinso ndi mpweya. Potsiriza anaganiza zoti m'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko, aziphunzitsa a m'shopu mwake. Anapita kukamuuza mphunzitsi uja akuyembekeza kuomberedwa m'manja.

"Simunafike pophunzitsa anthu, bambo," anatero mayiyo. "Koma ndikuona m'masomo kuti mwatsimikiza kale, ndiye mverani ichi. Musamuyambitse munthu musanamufunse zonse zimene ndinakufunsani inu. Ndipo mayi aliyense mumufunse ngati ali woyembekezera. Woyembekezera sakoka mimba, ngakhale pang'ono. Otero ndimawaphunzitsa kapumidwe kena kofatsa, koma aka ayi."

"M'shopu mwanga muli amayi awiri basi. Wina anapitirira kale msinkhu, winayo ndi mpongozi wanga."

"Ndiye mpongozi wanuyo mumufunse."

Telala anadzigwira padazi. "Mayi, mukudzimva? Ine ndikaime pamaso pa mkazi wa mwana wanga n'kumufunsa za pathupi pake? Ndi pakamwa pomwepa?"

"Ngati pakamwa panu palemera, tumani mayi mnzakeyo. Apo ayi mubwere naye kuno, ndimufunse ndine."

"Chabwino," anatero telala, koma anali chabwino wothetsera nkhani. Kutuma Singano sakanatha, chifukwa mayiyo ankazitcha zonsezi gule wa mimba, ndipo kumupempha kanthu kunali kumupatsa choseka cha mwezi wathunthu. Kubwera ndi mpongoziyo kwa mphunzitsi sanafunenso, pakuti ankafuna kuti mphunzitsi akhale iye mwini. Potsika masitepe anadzitonthoza kuti pakanakhala kanthu, mwana wake akanamuuza kale.

Tsono ndikuuzeni zimene telala sanafune kuzidziwa. Mpongozi wakeyo anali ndi pakati. Kawiri konse m'mbuyomu anapita padera, ndipo kawiri konseko anali atauza anthu msanga, kotero kuti chisoni chinamupweteka pawiri: kutaya mwana, kenako kulandira mapepeso a msewu wonse. Ulendo uno anatsimikiza kuti sauza munthu mpaka mwamuna wake atabwerako, ndipo amuuza pamaso, osati pa foni ali pachiwongolero m'dziko la eni. Ankayenda mosamala, ankapewa kunyamula mpukutu wa nsalu, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka mtima uli m'mwamba kuti aone ngati zonse zikadali bwino. M'nyumba imeneyo munalibe chinthu china chamtengo woposa kamwana kameneko.

Zizindikiro zinalipo, ndipo telala anaziona zonse. Fungo la simbi likakwera, mpongoziyo ankathamangira kuseri atagwira pakamwa. Chakudya cha masana ankangochitola pang'ono. Ndiye tsiku lina, nthawi yopuma, telala anamupeza ali pamakina ake ndi siketi yakeyake, akusuntha batani kulifikitsa kumapeto kwenikweni kwa chiuno ndi kuikapo kachigamba kowonjezera. Telala ameneyu anali munthu amene anakulitsa masiketi a amayi a msewu wonsewo. Mayi akabwera ndi siketi yotero, iye ankamuuza kuti, "Tiisiyire malo, mlendo ali m'njira," mayiyo n'kuseka atabisa nkhope. Diso lake silinkaphonya zimenezo kwa anthu a eni.

Anaima pambali pa makinawo. Mpongoziyo anasiya kupalasa, anapinda siketi ija n'kuika manja pamwamba pake. Makina a Singano nawo anaima. M'shopumo munangoti zii, kupatula simbi imene inkathetheka pozizira. Telala anamva funsolo likukwera kuchokera pachifuwa mpaka pakhosi. Anakhosomola pang'ono.

"Mayi."

"Ee, Bambo."

Anayang'ana denga, anayang'ana tepi yake, thukuta likutuluka padazi. Manyazi anamugwira, manyazi enieni, ngati kuti ndiye wavulidwa pagulu.

"Kodi ulusi wakuda uja unatha?"

"Ulipo, Bambo. Uli m'bokosi la pansi."

Telala anapita kukatenga ulusi umene sankaufuna. Pobwerera pampando pake anali atapeza kale yankho lomukomera. "Ndi mpweya umenewo," analengeza kwa onse awiri. "Inenso ndinayamba choncho: nseru, kusafuna kudya, kusuntha mabatani. Mawa m'mawa tiyambe, muona nokha."

Ndipo pamodzi ndi funsolo anamezanso chenjezo lija. Akanangonena m'malere, akuyang'ana khoma, kuti mphunzitsi wake anati oyembekezera sachita zimenezi, wamakutu akanamva. Koma mawu oti woyembekezera pakamwa pake sanatuluke, ngakhale motero.

Kutacha, Singano anakanitsitsa. "Mimba yangayi yatumikira mokwanira, isiyeni ipumule," anatero, n'kukhala pampando ndi kapu yake ya tiyi. Choncho wophunzira anatsala mmodzi, yemwe sakanatha kukana. Pofuna kusunga ulemu, telala anakonza zoti mpongoziyo aziima kuyang'ana kukhoma la pakona, iye n'kuima kuyang'ana kuchitseko, atafulatirana, kuti wina asaone mimba ya mnzake. Ankalamula ndi mawu, n'kumaweruza ndi khutu.

Masiku oyamba mpongoziyo ankangomunamiza. Palibe anamuuza kuti n'zoopsa, koma thupi lake linkakana lokha. Ankatsamira pamaondo, n'kutulutsa mpweya mokweza kuti umveke, mimba osaikhudza. Koma khutu la telala limamva singano imene yatsala pang'ono kuthyoka. Munthu akakokadi mimba, pakhosi pamamveka kaphokoso kena, ndipo pobweza mpweya amaubweza mwaludzu. Kukhoma kuja kunalibe zimenezo.

M'mawa wina anatembenuka theka, osayang'ana, n'kulankhula ndi mawu aja amene anthu a m'shopumo anali atawaiwala.

"Mayi, ine ndine chitsiru?"

"Ayi, Bambo."

"Nanga mukundiseweretsa chifukwa chiyani? Ndakulandirani m'nyumba muno ngati mwana wanga wobereka ndekha. Ndikukuonani mukuvutika, ndikukupatsani chinthu chimene chinandichotsa ine kumanda, inu mukundinamiza ngati mwana wa sukulu. Ngati mawu anga ndi opanda pake m'nyumba muno, nenani, ndidziwe."

"Musiyeni mwanayu," anatero Singano, ataika kapu pansi.

"Chifukwa?"

Singano anayang'ana kukhoma kuja. Nayenso anali ndi maso, ndipo ankakayikira, koma mpongoziyo anapukusa mutu pang'ono, misozi ili lengelenge, kumupempha kuti asanene zimene mwamuna wake sanazimve. Singano analuma mlomo.

"Mwini wake ali pompa. Mufunseni ngati thupi lake likulola."

"Thupi langa nalo silinkalola poyamba," anatero telala. "Ulesi ndi umene umalankhula choncho. Tiyeni, mayi. Tulutsani mpweya wonse."

Mpongoziyo anatsamira pamaondo. Anaganiza kuti kamodzi kokha sikangalakwe kanthu, ndi kuti apongozi ake, munthu amene anakaphunzira zimenezi, sangamuchititse chinthu choipa. Anatulutsa mpweya wonse, n'kukoka. Kaphokoso kaja kanamveka, ndipo telala anamwetulira akuyang'ana chitseko.

"Eya, kumeneko ndiye kutsuka. Bwerezani."

Sikanakhalenso kamodzi. M'mawa wotsatira anabwereza, winawo anawonjezera. Posakhalitsa telala anamuyambitsa kuiponya mimba kunja ndi kuibweza, zimene iye mwini anadikira miyezi asanaloledwe. Ankauza makasitomala kuti wophunzira wake ndi wamutu. Mpongoziyo ankamaliza ali ndi chizungulire, n'kukhala pamakina ake dzanja lili pachinena, akuwerengera mumtima kuti lole ija ifika liti. Singano anasiya kuseka. Ankamwa tiyi wake atafulatira, ndipo tsiku lonse sankalankhula ndi abwana ake kupatula za ntchito.

Zinachitika m'mawa wina dzuwa litakwera, shopu itadzaza mayunifolomu a sukulu ofunika msanga. Makina awiri ankalira mopikisana, mpongozi ali patebulo akusita. Telala anamva fungo la nsalu yopserera ndipo anadzutsa mutu, mawu okalipa ali kale pamlomo. Simbi inali itagona pa malaya, utsi ukufuka. Mpongoziyo anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, atapindika, nkhope itatuwa. Singano anaimirira, anayang'ana pansi pa tebulopo, ndipo anakoka nsalu yoyamba imene dzanja lake linapeza n'kumufunditsa m'chiuno.

"Bambo, tulukani," anatero, mawu ake ali phee. "Kaitaneni galimoto. Thamangani."

"Kodi ndi chiyani? Ndi chizungulire?"

"Akutaya magazi. Ali ndi pakati mwanayu. Pitani."

Telala sanadabwe, ndipo chimene chinamuopsa koposa n'chimenecho. Mawuwo anagwera pamalo pamene panali powadikira kale. Anathamanga mumsewu tepi ikuuluka m'khosi, akuimitsa galimoto iliyonse, mapapo ake atsopano aja akugwira ntchito bwinobwino.

Kuchipatala anamusiya pabenchi la m'khonde. Chitseko chinkatseguka n'kutsekeka, anamwino akudutsa osamuyang'ana. Anayesa kupuma mofatsa monga anaphunzirira, koma zinakanika. Anapemphera zosamveka mutu wake. Analonjeza kuti kamwanako kakangokhala, sadzatchulanso za mimba kwa munthu aliyense. Patapita nthawi anatuluka dokotala, mayi wa magalasi, Singano ali pambuyo pake.

"Ndinu apongozi ake? Tikuyesetsa, koma sindikulonjezani kanthu. Mayi awa akuti pali masewera ena amene wodwalayu amachita m'mawa. Ndi otani?"

Singano ndi amene anatsamira pamaondo m'khonde momwemo n'kuonetsa, wopanda chipongwe ngakhale pang'ono. Dokotala anavula magalasi.

"Kwa munthu wabwinobwino zimenezi zilibe vuto, ena zimawathandiza ndithu. Koma amene anakuphunzitsani sanakuuzeni kuti oyembekezera sachita?"

Bodza linali pafupi, ndipo palibe akanalitsutsa. Telala anayang'ana nsapato zake.

"Anandiuza."

Singano anatembenuka n'kumuyang'ana. Kenako mayi wa lilime lakuthwa uja anangopita kukakhala kumapeto kwa benchi.

Dzuwa litapendeka, dokotala anatulukanso, ndipo kayendedwe kake kananena zonse asanafike. Mpongoziyo apulumuka, koma pathupi pachoka. Telala anaimirira.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Ndine?"

"Sindinganene kuti ndi zimenezo, bambo. Pamiyezi imeneyi pathupi pambiri pamachoka pokha, makamaka kwa amene zinawachitikirapo. Mwina zikanachitikabe ngakhale akanangogona pabedi."

"Ndiye si ine?"

"Sindinganenenso choncho. Palibe amene adzakuuzeni."

Telala ankafuna chigamulo, chilichonse, ngakhale chomupachika. Anapatsidwa chinthu chimene sakanatha kuchinyamula kapena kuchitula.

Mwana wake anafika m'mawa mwake, lole ataisiyira mnzake panjira, maso ali psuu ndi tulo ndi kulira. Anakhala nthawi yaitali m'chipinda cha mkazi wake. Potuluka anapeza bambo ake ali pabenchi lomwe lija, zovala zili za dzulo. Sanakalipe. Akanakalipa zikanapepuka.

"Bambo, pa foni imodzi ndamva kuti ndinali ndi mwana, ndi kuti ndilibenso."

"Mwana wanga, ine ndinkafuna kuthandiza."

"Ndikudziwa. Akuti mulowe."

Telala anaima chapatali, kumiyendo kwa bedi, manja atawagwirizira kumbuyo. Mpongozi wake anaoneka wamng'ono kwambiri m'bulangetimo. Anayesa kudzuka kuti apereke ulemu, koma mwamuna wake anamuletsa.

"Bambo, musadzizunze," anatero motsitsa. "Adokotala akuti mwina zikanachitikabe."

Chifundo chimenecho chinamupweteka kuposa kutukwanidwa. Ndipo pamenepo, madzi atatayika kale, ndi pamene pakamwa pake panapepuka.

"Mayi, bwanji simunandiuze?"

Mpongoziyo anayang'ana manja ake. "Kuyamba ine sindikanatha, Bambo. Ndinu apongozi anga, komanso awa anali asanamve. Koma tsiku lija munaima pamakina anga, ndinadziuza kuti mukandifunsa sindikunamizani. Yankho ndinali nalo pakamwa. Munandifunsa za ulusi."

Atatulutsidwa m'chipatala, mwamuna wake anapita naye kwa amayi ake omubereka kuti akapezeko mphamvu. Kuchoka kumeneko sanabwererenso m'nyumba ya kuseri kwa shopu. Anapeza kanyumba kawo mbali ina ya tauni, ndipo panalibe mkangano, panalibe amene anatchula chifukwa. Amabwera kudzamuona bamboyo mwa apo ndi apo, mwaulemu wonse, n'kunyamuka kusanade. Makina a pakona anawafunditsa nsalu. Singano akadali pampando pake, koma nthabwala zake anazisiya.

Telala thupi lake lili bwino mpaka lero. M'mimba mwake mumayenda bwino, chilungulira sichinabwerere, pakuti luso lija linalibe mlandu. Linachita zimene linalonjeza. Koma tulo taja tinathawanso. Akagona amadzifunsa ngati anali iye kapena ayi, amatafuna mbali iyi, amatafuna inayo, ndipo chinthucho sichimezeka komanso sichisungunuka m'kamwa. Anathawa manyazi a kanthawi kochepa, funso la mawu owerengeka limene akanatha kulitumiza ndi pakamwa pa wina, n'kudzitengera funso lina limene palibe munthu pansi pano angamuyankhe. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.